Dengu lophikira nyama popanda moto: zolemba zanga za ku Ngabu, Julayi mpaka Novembala 2024

Kwathu kuno ku Ngabu ng'ombe si zosowa. Madzulo aliwonse zimaoloka msewu wa M1 fumbi lili koboo, ndipo nyama pamsika imapezeka. Chosowa ndi nkhuni. Ng'ombe zathu zakuchigwa zimayenda mitunda italiitali kufuna msipu ndi madzi, ndiye nyama yake ndi yamitsempha, yoti poto abwate maola atatu kapena anayi isanagonje. Nkhuku ya chikuda chimodzimodzi. Ine ndili ndi kaokala pamsika, ndimatseka 6 koloko madzulo. Kufika kunyumba n'kuyamba kutereka nyama yotere ndiye kuti ana agona asanadye. Choncho mkati mwa sabata ndiwo zinali usipa, mazira ndi cham'mwamba, nyama n'kumadikira Lamulungu.

Dengu lophikira popanda moto ndinaliona kwa mayi wina ku Bangula. Amawiritsa ndiwo pamoto kanthawi kochepa, n'kulowetsa poto ali chiwirire m'dengu lofunda bwino, n'kutseka. Ndiwo zimapitiriza kupsa ndi kutentha komwe zalowa nako. Anandifotokozera mothamanga poti ndinali kudikira minibasi, ndiye zambiri ndaziphunzira ndi ndalama zanga.

6 Julayi

Lero ndi holide, ndatseka okala masana. Ndagula dengu lansungwi pa K4,500, lakuya pafupifupi ngati ndowa yaikulu. Kufika nalo kunyumba, poto wanga wanyama wakana kulowa chifukwa ali ndi chogwirira chachitali. Ndinangoyeza kukamwa kwa poto ndi chikhatho, chogwiriracho osachiganizira. Dengu limafuna poto wa timakutu tiwiri tating'ono, ndipo pakati pa poto ndi dengu pazitsala mpata wolowa chikhatho chopingasa kuzungulira konse. Ndabwerera kwa mwini madengu, wandisinthira lalikulu nditawonjezera K1,500. Apongozi andibwereka poto wawo wa malita 7.

13 Julayi

Zofunditsira. Nyengo yotola thonje yangotha kumene, ndipo achimwene a bambo akunyumba anali ndi thonje lodetsedwa lomwe ogula analikana. Andipatsa theka la thumba ulere. Ndinasangalala msanga. Thonje lochokera kumunda lili ndi njere zake, ndipo kuzichotsa pamanja ndi ntchito yoti munthu ukalambe nayo: ine, apongozi ndi mwana wanga wamkulu tinakhala pamkeka madzulo atatu, zomwe tinapeza n'zongokwana katsamiro kamodzi. Ndinati bwanji tingoika ndi njere zomwe. Apongozi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mukufuna kuphikira ana kapena makoswe?" Ndinasiya pomwepo.

Tagwirizana kuti thonje loyeralo likhale la katsamiro kapamwamba, poti kumeneko n'kumene kutentha kumathawira kwambiri. Ndaliyanika padzuwa masiku awiri chifukwa thonje kumunda limapoperedwa mankhwala, ndipo lidzakhala m'nsalu ziwiri, losakhudzana ndi chakudya. Pansi ndi m'mbali tiika mankhusu a mpunga. Mlamu wanga wa ku Nkhate, kutsidya la Shire komwe amalima mpunga kusikimu, watumiza thumba limodzi kudzera pa Thabwa. Mankhusuwo ndi aulere kuchigayo, koma kondakitala anandilipiritsa K2,500.

20 Julayi

Telala wasoka thumba lozungulira lamkati mwa dengu ndi zitenje zanga ziwiri zakale, K3,000. Tathira mankhusu, taika poto, zaoneka bwino. Nditangotulutsa poto kawiri katatu, mankhusu onse atsikira pansi, m'mbali chakumtunda mwangotsala nsalu yokha. Ndabwerera kwa telala. Wang'amba n'kusokanso mizere yoimirira, kugawa thumbalo timatumba 8 ngati zipande za lalanje, kenaka mzere umodzi wopingasa pakati. Kathumba kalikonse kadzazidwa pakokha n'kutsekedwa. K2,000 ina yapita. Amene mukufuna kupanga, muuzeni telala za timatumbati tsiku loyamba lomwe, ndipo asoke kawiri, chifukwa mankhusu a mpunga ndi akuthwa, amatulukira pamsoko ndipo amayabwa zedi.

Zonse pamodzi mpaka pano: K13,500.

24 Julayi, tambala woyamba

Ndagula tambala wa chikuda pa K10,000, wamkulu ndithu, wa zipolopolo zazitali kumiyendo. Ndamudula m'mamawa, ndamuwiritsa mphindi 10 monga ndinamvera ku Bangula, ndalowetsa m'dengu 7 koloko. Ndinauza aliyense pakhomo kuti lero mudya nkhuku yofewa osaona utsi.

Ndatsegula 1 koloko masana nditabwera kudzaona. Poto anali wofunda chabe, nyama yolimba ngati mphira ya njinga, msuzi woyera mbee ngati madzi otsukira mbale. Bambo akunyumba anatenga ntchafu, anaikoka ndi mano, n'kufunsa mwaulemu ngati tambalayu anafadi. Ndinamubwezera pamafuwa ola limodzi ndi theka. Nkhuni zomwe ndimati ndipulumutse zinapsa zonse.

Zolakwika zinali zitatu. Mphindi 10 zija mwina mayi aja ankanena za mpunga kapena nkhuku yoyera ya masabata 6, osati tambala woti wakhala akulira m'mudzi zaka ziwiri. Chachiwiri, tambala mmodzi mu poto wa malita 7 sanafike ndi theka lomwe, kumtunda konse kunali mpweya wokhawokha. Chachitatu, ndinathira madzi ngati ndikuphika pamoto, kuiwala kuti m'dengu madzi saphwera. Omwe wathira ndi omwe ukawapeze.

3 Ogasiti

Sukulu zatsekera, ndiye mlamu wanga wina amene amaphunzitsa sayansi kusekondale wandibwereka choyezera kutentha chagalasi, chofika madigiri 110. Wandiuza chinthu chimodzi choti ndisaiwale: chakudya chophika chisatsike pansi pa madigiri 60, chifukwa kuyambira pamenepo kutsika ndi pomwe tizilombo timaswana.

Ndayesa ndi madzi okha kuti ndisaonongenso nkhuku. Poto wa malita 7 wodzaza mpaka zala zitatu kuchokera pakamwa: patatha maola 4 anali pa 78, patatha maola 8 pa 66. Poto yemweyo madzi osafika theka: maola 4 anali pa 63, maola 6 anali atatsika kale pa 54. Dengu lomwelo, tsiku lofanana. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti dengu silipereka moto, limangosunga umene walipatsa. Poto wanjala amazizira msanga.

Ndagula poto wa malita 4 wa chivindikiro chokhala bwino, K9,000. Mpata wotsala m'dengu ndizitseka ndi chitenje chokulungira poto.

11 Ogasiti, nkhuku yachiwiri

Iyi yatheka, ndiye ndilemba ndondomeko yonse.

Thadzi la chikuda losiya kuikira, K8,500. Ndalidula zidutswa 12, ndapaka mchere, adyo wosinja ndi jinja pang'ono. Mafuta achikasu a m'mimba mwake ndawasungunula mu poto momwemo, sindinathire ena. Ndakazinga zidutswazo mpaka zitafiira mbali zonse, ndaika anyezi awiri. Kukazingaku musakudumphe: dengu silifiiritsa nyama, ikalowa yotuwa idzatuluka yotuwa. Kenaka madzi otentha ongofika pamsana pa nyama, osaimiza. Poto anali asanadzaze, ndiye ndawonjezera mbatata ya kachewere 5 zosadula, kuti zigwire kutentha komanso ana apezepo chotola.

Ndawerenga mphindi 25 kuyambira pamene poto wayamba kubwata, osati pamene ndamutereka. Mphindi 5 zomaliza chivindikiro osachikhudza. Ndaphula, ndapukuta mwaye kunsi, ndakulunga m'chitenje, m'dengu, katsamiro pamwamba, zonse mothamanga ngati ndaba. Dengu lizikhala pafupi ndi moto, lotsegula kale, osati uziyenda ndi poto bwalo lonse.

Tapita kutchalitchi. Tabwerako patatha maola 4 ndi theka, choyezera chikuti 74. Nyama imachoka pafupa ndi supuni. Msuzi unali wamadzi pang'onobe, ndiye ndakazinga matimati 4 ndi kambuzi mmodzi pambali, ndathira mu poto, ndawiritsa osavindikira mphindi 10 uku madzi a nsima akutentha. Matimati ndawaona kuti akalowa m'dengu kuyambira m'mawa amasuluka, ndi bwino kuwaika kumapeto.

Tinadyera nsima ya mapira. Apongozi ndi Asena, ndipo atasamba m'manja anati "takhuta", lomwe kwa iwo ndi zikomo. Mwana wanga wamng'ono anayankha kuti iye sanakhute, awonjezere.

21 Ogasiti

Zovuta zing'onozing'ono zitatu m'sabata imodzi. Katsamiro kathonje kayamba fungo la nkhungu chifukwa nthunzi imatulukira m'mbali mwa chivindikiro n'kukanyowetsa. Tsopano ndimayala thaulo lakale pakati pa chivindikiro ndi katsamiro, ndipo ndikangotulutsa poto katsamiroko kamapita padenga la khitchini. Dzuwa lakuno ola limodzi lokha kauma. Nyerere zinapeza podontha msuzi. Chiswe nacho chinayamba kunsi kwa dengu poti linali padothi. Ndalikweza panjerwa 4 ndipo ndazunguliza phulusa. Palibe ndalama yomwe yatuluka.

7 Seputembala, nyama ya ng'ombe

Kilogalamu imodzi ndi theka ya nyama yam'miyendo, ya fupa la mafuta pakati, K10,500. Ndinauza wabutchala kuti andidulire zidutswa zosapitirira bokosi la machesi, koma mafupa asawaphwanye tizidutswa. Ndakazinga monga nkhuku ija, ndawiritsa mphindi 30, m'dengu maola 5. Inapsa koma mitsempha inali ikadalimba, yoti munthu wamano ake adya koma apongozi ayi.

Bambo akunyumba, omwe mwezi wathawu ankaseka, tsopano asanduka injiniya wa dengu. Anati vuto ndi kuchepa kwa moto, ndiye tiotche njerwa tiike pansi pa poto. Ndinakana, koma mawa lake ndili ku okala anayesa okha ndi nyemba. Mwana anabwera akuthamanga kuti m'khitchini mukununkha. Njerwa inaboola nsalu, mankhusu anagwira moto. Mankhusu a mpunga sayaka lawi, amangonyeka chamumtima osaoneka, ndipo ukaona utsi ndiye kuti apita kale patali. Tinathira madzi, timatumba titatu tapansi tinaonongeka. Mwayi dengu linali panjerwa kutali ndi tsekera. Telala K1,500, mankhusu anali otsala. Bambowo analipira okha osafunsidwa.

Chinthu chinanso chomwe motowo unaonetsa: chimodzi mwa zitenje zanga sichinali cha thonje chenicheni, chinasungunuka ngati pepala la pulasitiki. Nsalu yokhudza poto iyeseni kaye ndi machesi pakansonga. Ikapsa n'kusiya phulusa ndi yabwino, ikakwinyika n'kuuma gwa isiyeni.

15 Seputembala

Yankho la nyama yolimba silinali njerwa, linali kuwiritsa kawiri. M'mawa mphindi 30, m'dengu mpaka 12 koloko. Masana apongozi akamaphika nsima, amatulutsa poto n'kumutereka pamoto womwewo mpaka abwate mphindi 10, n'kumubwezera. Madzulo ndikamafika nyama ili pa 72, mitsempha yasanduka yonanda, msuzi wokakamira pamilomo. Nkhuni zowonjezera palibe chifukwa motowo unali woyaka kale.

Pakuwiritsa kwamasanako ndi pomwe timathira madzi a bwemba. Bwemba kuno ndi wosagula. Timanyika zipatso 4 kapena 5 m'kapu ya madzi otentha, kufinya, kusefa. Kamsuzi kake kamakhala kowawasa pang'ono, ndipo mafuta a nyama sakukola. Ndinayesanso papaya wosapsa wopala, wopaka panyama usiku wonse monga amanenera ena. Kunja kwa nyama kunasanduka phala, mkati muli chilimbire. Sindidzabwereza.

Choyezera chabwerera kusukulu. Mlamu wandisiyira muyeso wa pamanja: ukagwira m'mbali mwa poto n'kutha kusiya chikhatho pamenepo osachotsa, watsika kwambiri.

28 Seputembala, mang'ina

Awiri, K5,000, owaula kale. Awa ndi omwe ndinkafuna kuonera dengu, chifukwa pamafuwa amadya mtolo wathunthu wa nkhuni ndipo munthu umakhala pomwepo kusonkhezera tsiku lonse. Mphindi 40 m'mawa, mphindi 15 masana, mphindi 15 madzulo. Anapsa. Tsiku limenelo ndinadzazitsa poto ndi khobwe wonyika usiku, ndipo khobweyo anamwa msuzi wa mang'ina mpaka ana anasiya nyama n'kumalimbirana iyeyo. Za nyemba ndinene pomwe pano: zofiira zija zibwate mwamphamvu mphindi zosachepera 10 zisanalowe m'dengu, ine ndimafikitsa 20. Zikangofunda osawira bwino zimapweteka m'mimba.

17 Okutobala

Tsiku loipa. Dzana linali tsiku la anakubala, ndiye apongozi anapita ku Nchalo kwa mwana wawo wamkazi ndipo sanabwerebe. Ndinagula nthiti kilogalamu imodzi, K7,500, ndinawiritsa 6 koloko m'mawa, n'kuuza mnyamata wanga kuti akaweruka kusukulu atereke poto abwate. Kilogalamu imodzi mu poto wa malita 4 sinadzaze, ndipo ndinali wochedwa, sindinawonjezere kanthu. Ndinadzinamiza kuti ndi kutentha kwa Okutobala kuno, komwe masana kumapitirira madigiri 40 ndipo usiku timagona panja, poto sangazizire.

Ndafika 6:30 madzulo. Ndisanatsegule n'komwe ndinamva kafungo. Pamwamba pa msuzi panali tithovu, poto wofunda ngati madzi osambitsira khanda. Mnyamatayo atapanikizidwa anavomera kuti sanawiritse, koma anatsegula kawiri, koyamba "kungoona", kachiwiri kutola kachidutswa ndi supuni yomwe anali atadyera kale. Ndiye poto wosadzaza, wotsegulidwa kawiri, maola 12.

Bambo akunyumba anati tiwiritse kwambiri tidye, ndalama zisalowe m'madzi. Ndinakana. Nyama yoti yasasa, kuiwiritsanso sikuibweza, ndipo ndalama ya kuchipatala ndi yoposa K7,500. Ndinakwirira kudzala kuti agalu asafukule. Tinadyera therere.

Ndinkaganiza kuti kutentha kwa kuchigwa kuno ndi bwenzi la dengu. Si choncho kwenikweni. Madigiri 40 sangaphike nyama, koma ndi okoma kwa tizilombo, ndiye poto akatsika amakhazikika pomwe chakudya chimaonongekera msanga. Chomwe mu Julayi chikanapulumuka, mu Okutobala sichipulumuka.

20 Okutobala

Malamulo atsopano, ndawalemba ndi khala pakhoma la khitchini. Poto adzaze. Asapitirire maola 6 osawiritsidwanso. Amene watsegula, awiritse. Chilichonse chotuluka m'dengu chibwate kaye chisanapite patebulo. Ndagulanso chingwe cha K500 chomangira katsamiro pa dengu, mfundo yake ndimaidziwa ndekha. Tsiku lomwe pakhomo palibe munthu wamkulu masana, nyama siilowa m'dengu m'mawa. Ndimabwera ndekha 1 koloko, mtsikana wa okala yoyandikana n'kundiyang'anira, ndiwiritse ndi kuika nthawi imeneyo kuti ikhale maola 5 okha.

9 Novembala, kuwerengera

Ndalama zomwe zalowa pa dengu lenilenilo: dengu K6,000, mayendedwe a mankhusu K2,500, telala katatu K6,500, poto K9,000, chingwe K500. Zonse K24,500. Ndikaphatikiza nthiti zotayidwa zija ndi K32,000. Wina wotsatira zolembazi osabwereza zolakwa zanga, ali kale ndi poto woyenera, sangapitirire K12,000.

Mtolo wa nkhuni pano ndikugula K2,000. Kale tsiku la nyama kapena nyemba mtolo umatha wonse. Pano mtolo womwewo ukundiphikira masiku atatu otere. Timaphika za m'dengu kanayi pa sabata, ndiye ndikupulumutsa pafupifupi K5,000 pa sabata. Chaka chino cha 2024, chomwe mvula inatithawa mpaka boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 ali pangozi, ndipo ufa tikugula wapamsika, ndalama imeneyo ikupita ku chimanga.

Sabata yathu ikuyenda motere tsopano. Lolemba nyemba kapena nandolo wouma, Lachitatu ng'ombe ya bwemba ikapezeka ndalama, ikasowa khobwe wothira nsinjiro madzulo, Lachisanu mpunga womwe umangofuna kuwira mphindi 5 ndi kukhala m'dengu ola limodzi, osapserera kunsi, Lamulungu nkhuku. Nsomba ayi. Ndinayesa mlamba wouma wa ku Elephant Marsh, unaphwanyika wonse, minga kubalalika mumsuzi. Masamba nawonso ayi, amafiira n'kutaya kukoma, ndipo ndi ophika mphindi zochepa pamoto. Nsima musayese n'komwe.

24 Novembala

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri a ku Thyolo. Mvula ikayamba katsamiro sikadzauma padenga, ndiye pakufunika kachiwiri kosinthanitsa. Thonje lochotsa njere latha ndipo palibe amene akufuna kukhalanso pamkeka madzulo atatu, choncho kameneka tidzaza ndi tinsalu todula tomwe telala amataya. Wati andipatsa ulere, kusoka K1,500. Sindinayese ngati tinsalu timagwira kutentha ngati thonje, ndiye sukulu zikatsekera ndibwerekanso choyezera chija ndiyambe ndi madzi.

Timatumba tiwiri tam'mbali taphwa, mankhusu aphwanyika n'kutsika. Ndatumiza uthenga ku Nkhate. Apongozi akufuna bakha wa Khirisimasi aphikidwe m'dengu, ndipo bakhayo ndi wamkulu woti mu poto wa malita 4 sakwana. Andibwerekanso poto wawo wa malita 7 uja, ati tidzadzazitsa ndi chinangwa.